Kireni yodzutsira sitima pa kanjanji ka m'nyumba: iti ikufanana ndi yeniyeni, nanga mugule iti?

Mwa zonse zimene anthu okonda tisitima ta m'nyumba amagula, palibe chokopa maso ngati kireni yodzutsira sitima zikagwa. Mlendo akalowa m'chipinda momwe mwayalidwa kanjanji, amangodutsa mitu ya sitima ndi mabogi onse, maso n'kukatera pa chimkono chachitsulo chogona pa ngolo yake pafupi ndi shedi. Komatu palibenso chinthu china pa kanjanjipo chimene mafakitale akhala akuchipanga mongopenekera ngati chimenechi. Makireni ena amene amagulitsidwa ali ndi kholo lenileni limene linagwirapo ntchito pa njanji, ena anangotengako nkhope, ndipo ena ndi ochokera dziko lina amene anangopakidwa penti ya ku Britain kuti agulidwe.

Pano ndikamba kwambiri za makireni a ku Britain a saizi ya OO, chifukwa ndi kumene nkhaniyi ili ndi mbiri yaitali komanso zosankha zambiri. Saizi ya OO imachepetsa chinthu ka 76, ndipo kanjanji kake n'kotalikirana mamilimita 16.5. Ya HO, imene imagwiritsidwa ntchito m'maiko ena a ku Ulaya ndi ku America, imachepetsa ka 87 koma imayenda pa kanjanji komweko. Musunge kusiyanaku, tikufika nako.

Musanatulutse ndalama, yambani mwaidziwa kireni yeniyeni

Kireni yodzutsira sitima inkakhala pa shedi ya mitu ya sitima, ndipo masiku ambiri inkangokhala phee pa njanji yakeyake, mkono uli chigonere, moto uli pang'ono m'boyila podikira uthenga. Uthenga ukabwera, siinkanyamuka yokha. Inkakokedwa pamodzi ndi ngolo yogonekapo mkono, imene Angerezi amaitcha jib runner, bogi ya zida, bogi ya matabwa ochindikala otsamizira, ndi bogi yakale ya anthu momwe antchito ankakwera, kudya ndi kupumula. Sitima yotereyi ikamapita kukatsegula njanji yotsekeka inkapatsidwa njira mofanana ndi sitima yothamanga yonyamula anthu, ndipo nyale za kutsogolo kwake zinkaikidwa mofanananso.

Nambala yolembedwa pa kireni imasocheretsa ambiri. Kireni ya matani 45 inkanyamula matani 45 pokhapokha mkono uli chiimire, katundu ali pafupi, mitanda yachitsulo ya m'mbali itatulutsidwa ndi kutsamizidwa pa milu ya matabwa. Mkono ukatambasuka, kapena kireni ikangoima pa mawilo ake okha, mphamvuyo inkatsika kwambiri. Tsono mutu wa sitima wa mtundu wa A4 umalemera kupitirira matani 100, osawerengera ngolo ya malasha ndi madzi. Ndiye kuti kireni imodzi inkangokweza mbali imodzi, kapena ankaitanitsa ziwiri kuti zithandizane, ina kumutu ina kumbuyo. Pa ngozi yaikulu ya ku Harrow and Wealdstone pa 8 Okutobala 1952, momwe munafa anthu 112, anachita kuitanitsa makireni angapo kuchokera m'mashedi osiyanasiyana. Koma ngozi zotero zinali zapatalipatali. Ntchito ya tsiku ndi tsiku inali kubwezera pa njanji ngolo imene yaphonya pa mphambano, ndi kuchotsa kapena kuika zitsulo za milatho Lamulungu, sitima zikachepa.

Makampani amene ankapanga makireniwa anali ochepa, ndipo awiri ndiwo muziwamva kawirikawiri: Cowans Sheldon ya ku Carlisle, imene inayamba mu 1846, ndi Ransomes & Rapier ya ku Ipswich. Panalinso Craven Brothers ya ku Manchester. Vuto limene onsewa ankalimbana nalo linali limodzi. Kuti kireni inyamule zolemera iyenera kukhala yolemera nayonso, koma njanji ndi milatho zili ndi malire a kulemera kumene ekiselo imodzi ingasenze. Mukaitalikitsa kuti muike mawilo ambiri, ndiye kuti siingathenso kuyandikira chinthu chimene ikufuna kunyamula. Wilfred Stokes wa ku Ransomes & Rapier ndiye anamasula mfundoyi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Anaika tingolo tiwiri, kena kutsogolo kena kumbuyo, tolumikizidwa mwa njira yoti tizisenzako kulemera kwa kireni paulendo. Pofika pa malo a ngozi tingoloto timamasulidwa n'kukankhidwira kutali, kireni n'kutsala yaifupi. Mukaona kakireni kali ndi tingolo tiwiri tafupitafupi m'mbali mwake, dziwani kuti si zokongoletsa. Ndi nzeru ya Stokes imeneyo.

Chimene fakitale iliyonse imalephera

Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale fakitale yaluso motani siingachithetse. Mukachepetsa chinthu ka 76 m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, kulemera kwake kumachepa pafupifupi ka 440,000. Matani 45 aja amasanduka magalamu pafupifupi 100. Ngowe imene pa kireni yeniyeni imakoka zingwe zawaya kuti ziwongoke ndi kulemera kwake kokha, pa kakireni imapepuka mwakuti ulusi umangopotana n'kumatuluka m'timagudumu take. Apa ndiye pamagawanika njira. Wopanga akafuna kuti mwana azipukusa chogwirira n'kumakweza ngolo, amaika ulusi wochindikala kapena katcheni, timagudumu tochepa, ndi chogwirira chachikulu chotulukira kunja. Akafuna kuti kafanane ndi kenikeni, amaika zingwe zambiri zopyapyala, ndipo kamakhala kosafuna kugwiragwira. Amene anapangapo galimoto ya mawaya ali mwana akuidziwa nkhaniyi: chiwongolero chachitali chija ndicho chimachititsa kuti galimoto iyende, koma ndicho chimene pa galimoto yeniyeni palibe.

Choncho funso loyamba si lakuti kireni yabwino ndi iti. Muyambe mwadzifunsa ngati mukufuna yoti izigwira ntchito m'manja mwanu kapena yoti izioneka ngati ingagwire ntchito.

Hornby Dublo ya 1959

Iyi ndi gogo wa onse. Kampani ya Meccano ya ku Binns Road ku Liverpool, imene inayamba kupanga tisitima ta Hornby Dublo mu 1938, inatulutsa kireni yofiira nambala 4620 mu 1959. Thupi lake ndi lachitsulo choumba, ndipo mukainyamula mumamva kulemera kwake m'dzanja. Ili ndi tingolo tiwiri ta m'mbali, ngolo ya mkono, ndi timajeke tinayi topotokola totsamizira. Zogwirira zake zimakweza mkono ndi ngowe, ndipo chifukwa cha kulemera kuja imanyamuladi kangolo osagwa chagada, makamaka timajeke tikaikidwa.

Kufanana kwake ndi kwa patali. Maonekedwe onse ndi a kireni ya ku Britain ya nthunzi, ndipo dongosolo la tingolo ndi loona, koma magiya, mapaipi ndi zingwe anaziphweketsa kwambiri. Zokolekera zake ndi za mtundu wa Dublo, zimene sizigwirana ndi za tisitima ta masiku ano, ndiye pamafunika ngolo imodzi yokhala ndi zokolekera za mitundu iwiri. Pogula yakale, werengani timajeke, chifukwa ndi timene timasowa msanga. Ndipo musaipakenso penti kapena kuiboola ngati ili bwinobwino. Kireni iyi ndi mbiri payokha, ndipo malo ake enieni ndi pakati pa tisitima tinzake ta Dublo, pomwe zonse zimaoneka za m'badwo umodzi.

Hornby ya matani 75

Iyi ndi imene anthu ambiri anakula nayo, ndipo ndi imene mudzaipeze pa tebulo lililonse la zogulitsa zakale. Meccano itagulidwa ndi eni a tisitima ta Tri-ang mu 1964, dzina la Hornby linasamukira ku fakitale ya ku Margate, ndipo kumeneko mu 1971 kunatuluka kireni ya pulasitiki nambala R739. Zikombole zake zakhala zikugwiritsidwa ntchito kwa zaka makumi angapo, kireniyo ikutuluka nthawi zina yofiira, nthawi zina yachikasu.

Anthu ena amaipeputsa ngati chidole chabe, koma ine sindigwirizana nawo, chifukwa kholo lake ndi lodziwika bwino. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, British Railways, kampani ya boma ya njanji, inagula makireni 10 a nthunzi a matani 75 kwa Cowans Sheldon, amphamvu kuposa onse amene inali nawo. M'zaka za m'ma 1970 anachotsedwa maboyila n'kuikidwa injini za dizilo, ndipo anapitiriza ntchito kwa nthawi yaitali. Hornby inatengera amenewa. Thupi lokhala pa maekiselo anayi, tingolo tiwiri tothandizira, kapangidwe ka mkono, zonsezi munthu wodziwa amazizindikira. Pamene imagwera ndi pa zinthu zimene zinapangidwa kuti ipirire manja a ana ndi kukhota pa makona akuthwa: zingwe n'zochepa, zambiri zimene zikanakhala tizidutswa tapatokha anangoziumbira kumodzi ndi thupi, ngolo ya mkono ndi yophweketsedwa, ndipo pulasitiki yosapakidwa bwino imawala ngati beseni latsopano.

Ubwino wake ndi wakuti zolakwika zambirizi zimakonzeka, ndipo poti mtengo wake ndi wotsika, mtima suchita kugunda poigwira ndi mpeni. Chotsani katcheni kapena ulusi wochindikala, muike ulusi wopyapyala wakuda umene mwaupaka kaye phula kuti usachite ubweya. Bisani kachidutswa ka mtovu m'ngowe kuti zingwe ziwongoke. Onjezani kulemera m'tingolo tiwiri tija, chifukwa tikapepuka ndi timene timadumpha pa mphambano sitima ikamabwerera m'mbuyo. Kenako penti yosawala, mwaye pang'ono padenga, mafuta akuda mozungulira magiya, dzimbiri pamene matcheni amakhuza. Ikatero imasintha mwakuti munthu woima patali pang'ono sangaizindikire kuti ndi yomwe ija. Chenjezo ndi limodzi: kireni iyi ndi ya 1961 kupita m'tsogolo. Pa kanjanji kosonyeza nthawi ya makampani akale a njanji monga LMS kapena Great Western ilibe malo, ngakhale muipake penti yanji.

Bachmann ya matani 45

Apa ndiye pamene kufanana kunafika pachimake. Mu 2019 Bachmann inatulutsa kireni ya Ransomes & Rapier ya matani 45, pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 250. Mtengowo unadzidzimutsa anthu, pakuti ndi woposa wa mitu yambiri ya sitima, chonsecho kireniyi ilibe mota. Koma mukaiona pafupi mumamvetsa kumene ndalama zinapita. Magiya akuonekera m'kati mwa thupi, dzino lililonse payekha. Zingwe zokwezera mkono zikuzungulira kangapo m'timagudumu monga zimakhalira pa yeniyeni. Mitanda ya m'mbali imatuluka, chumuni chimagonekedwa paulendo n'kudzutsidwa pa ntchito, ndipo mkono ndi ngowe zimakwezedwa ndi kakiyi kamene kamalowa pa malo obisika, kotero palibe chogwirira chachikulu choipitsa nkhope.

Chiyambi chake chimandikhudza. Nkhondo yachiwiri itayandikira, boma la Britain linadziwa kuti mabomba adzagwera pa njanji, ndiye linakonza zoti pagulidwe makireni amphamvu. Ransomes & Rapier inapanga 6 m'zaka za 1939 ndi 1940, anayi a Great Western ndi awiri a kampani ina ya njanji ya Southern, ndipo ena anatsatira pambuyo pake. Makireniwa anayamba ntchito pochotsa zogumuka m'nthawi ya nkhondo, n'kupitirira mpaka m'nthawi ya dizilo, ndipo angapo akusungidwabe pa njanji zosungira zakale. Bachmann inatulutsa kireniyi m'mitundu ya Southern, ya Great Western, yakuda ya British Railways, ndi yofiira. Kutereku kukutanthauza kuti ikhoza kukhala pa kanjanji kosonyeza chaka chilichonse kuyambira 1940 mpaka m'ma 1970, bola musankhe mtundu wogwirizana ndi chakacho.

Kuipa kwake kukuchokera pa ubwino womwewo. Siyoti mwana aziseweretsa, ndipo ngakhale wamkulu ayenera kusamala kuti asapukuse kakiyi ngowe ilibe cholemera, chifukwa ulusi ukatuluka m'timagudumu, kuubwezera kumadya madzulo onse. Ndi yaitalinso. Kireni, tingolo tiwiri ndi ngolo ya mkono, kuonjezapo mabogi awiri kapena atatu a zida ndi antchito, zimafuna njanji yosungira yaitali ndithu. Pa makona akuthwa kwambiri, ngati aja a mamilimita 371 a m'mabokosi oyambira, simungasangalale nayo. Ndiponso mudzifunse moona ngati malo amene kanjanji kanu kakusonyeza akanakhala ndi kireni yotere. Makireni akuluakulu ankakhala m'mashedi akuluakulu. Pa kasiteshoni kakumudzi ankangofikapo tsiku la mavuto.

Oxford Rail ya matani 15

Funso lomwelo la malo ndi limene limandichititsa kuikonda kireni yaing'ono ya Oxford Rail. Yatengera kireni ya matani 15 ya Cowans Sheldon, imene inayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1890 n'kugulidwa ndi makampani ambiri a njanji a nthawi imeneyo. Mitu ya sitima itayamba kukula, makireniwa anachepa mphamvu, koma sanatayidwe. Anasamutsidwira m'mashedi ang'onoang'ono ndi ku ntchito zopepuka, ndipo ena anafika mpaka m'nthawi ya British Railways ali okalamba. Ndiye kuti kwa munthu amene kanjanji kake n'ka pa shelefu, kosonyeza shedi ya njanji ziwiri, imeneyi ndiyo yonena zoona kuposa chimphona cha matani 75.

Mtengo wake ndi kachigawo kakang'ono ka wa Bachmann, ndipo kapangidwe kake n'kosavuta mofanana ndi mtengowo. Pafunika kuti muipezere nokha ngolo yogonekapo mkono, koma zimenezi sizovuta, pakuti pa njanji zenizeni ngolo zotero za makireni akalewa kawirikawiri zinkakonzedwa kuchokera ku ngolo zina zakale. Ngolo yafulati, kamtanda kotsamirapo mkono, timabokosi tiwiri ta zida ndi tcheni chopindidwa, basi yakwana.

Yomanga nokha ya Dapol

Ambiri amagula bokosi la Dapol nambala C028 poganiza kuti apeza kireni yodzutsira sitima pa mtengo wozizira. Zikombole zake zinali za kampani ya Airfix kalekale, ndipo chimene chimatuluka mukamata tizidutswato ndi kireni ya dizilo ya matani 15 ya kampani ya Booth ya ku Rodley, pafupi ndi Leeds. Kholo lilipo ndithu, koma ntchito yake inali ya akatswiri okonza njanji: kunyamula zitsulo za njanji, mphambano ndi zina zotero. Ikakhala pakati pa ngolo za miyala ndi mitanda ya njanji imaoneka bwino kwambiri. Mukaiika pa mutu wa sitima wogwa ndiye mwaipatsa ntchito ya eni. Kwa amene akuphunzira kumata ndi kupenta ndi poyambira pabwino, kungoti mawilo ake akakhala apulasitiki muwasinthe ndi achitsulo ngati mukufuna kuti izikokedwa.

Zochokera kutsidya kwa nyanja

Kampani ya Lima ya ku Italy inkagulitsa ku Britain kireni yopakidwa mitundu ya kumeneko, koma kapangidwe kake kanali ka ku Ulaya ndipo saizi yake inali HO. Chimene chimapusitsa maso n'chakuti ngakhale HO ndi yaing'ono ndi pafupifupi 12 pa 100 poyerekeza ndi OO, sitima za ku Ulaya n'zazikulu kuposa za ku Britain, kumene milatho ndi ngalande n'zopanikiza. Ndiye zochepa ndi zazikulu zimakumana pakati, kireniyo n'kumaoneka ngati ya saizi yoyenera. Koma yang'anani kakhomo ka woyendetsa, makwerero ndi mawilo, muona kuti munthu wa OO sangakwanemo bwino.

Zimenezi sizikutanthauza kuti makireni a ku Ulaya ndi achabe. Pa nkhani yogwira ntchito, iwo ndiwo ali patsogolo. Märklin ya ku Germany inapanga kireni ya nthunzi ya Ardelt ya matani 57 yokhala ndi timamota m'kati, ndipo Roco inapanga EDK 750, imene kholo lake la matani 125 linkapangidwa ku fakitale ya Kirow ku Leipzig. Ya Roco imayenda yokha, imazungulira, imakweza mkono ndi kutsitsa ngowe, inu mukungodina mabatani. Kuiona ikutembenuka pang'onopang'ono popanda dzanja loigwira n'chinthu chosangalatsa zedi, ndipo apa ndi pomwe kugwira ntchito ndi kufanana zimakumana. Mtengo wake ndi woboola m'thumba, mayuro mazana angapo, ndipo pamafunika zoyendetsera za digito. Musamalenso kuti tisitima ta Märklin ta HO timatenga magetsi pa timisomali ta pakati pa njanji, ndipo mawilo ake amalumikiza njanji ziwirizo. Mukaika pa kanjanji ka Hornby kapena Peco, magetsi amadumpha nthawi yomweyo. Za kanjanji kotero mufunse za dzina la Trix, limene Märklin imapangira zoyenda pa kanjanji kotero. Koma ngakhale zonsezi zitalongosoka, kireni ya njanji za ku Germany pa shedi ya ku Yorkshire ya 1955 imakhalabe mlendo.

Za ku America n'zosavuta kuzizindikira: zimphona za matani 200 kapena 250 za Bucyrus-Erie ndi Industrial Brownhoist, zokhala pa mawilo awoawo popanda tingolo tothandizira, pakuti njanji zakumeneko zimasenza zolemera kwambiri. Athearn ndi Bachmann ya ku America anazipanga, ndipo Tichy ili ndi yomanga nokha ya matani 120 yokongola kwambiri. Zonsezi n'zabwino kwawo.

Nanga wofuna kusonyeza njanji ya kwathu, ya ku Limbe kapena ku Nkaya? Njanji za ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa n'zotalikirana mamilimita 1,067, pamene za ku Britain ndi 1,435. Kuti kufanana kukhalepo, pa saizi ya HO pamafunika kanjanji ka mamilimita 12, kapena mugwiritse kanjanji ka 16.5 komweko koma zinthu zonse muzichepetse ka 64. Cowans Sheldon inkagulitsa makireni ake m'maiko ambiri, kuphatikizapo South Africa, choncho nkhope ya makireni a ku Britain si yachilendo kuchigawo chino. Koma njira imeneyi ndi ya munthu wokonzeka kudula, kumata ndi kupanga zambiri ndi manja ake, akuyang'ana zithunzi za kireni imene akuitengera.

Zozungulira kireni zimaposa kireniyo

Ndanena kale kuti kireni inkatha masiku ambiri ili chiimire, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kakireni kanu nakonso kadzatha nthawi yambiri kali pa njanji yosungira. Chimene chidzachititse munthu kukhulupirira si kuchuluka kwa magiya, koma ngati zonse zozungulira zikugwirizana. Kireni ya Hornby yokonzedwa bwino, yokhala ndi mabogi ake akale opakidwa mtundu umodzi, mawindo ena atatsekedwa ndi malata, mulu wa malasha pambali ndi paipi ya madzi, imaoneka yoona kuposa ya Bachmann yonyezimira imene yaima yokhayokha pakati pa ngolo za nsomba.

Mtundu wa penti uyenera kutsata chaka. British Railways itayamba mu 1948, makireni ake anali akuda. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anayamba kupakidwa ofiira, ndipo achikasu anadza pambuyo pake m'nthawi ya dizilo. Kusintha sikunkachitika tsiku limodzi, ndiye wakuda pakati pa ofiira si cholakwika, koma wachikasu pambali pa mutu wa nthunzi wa 1950 ndi cholakwika. Ngati kanjanji kanu n'ka masiku ano, dziwani kuti makireni oterewa anatha pang'onopang'ono. Majeke a mafuta anayamba kugwira ntchito yambiri yobwezera ngolo pa njanji, mawaya a magetsi a pamwamba anachititsa kuti kudzutsa mkono kukhale kovuta, ndipo magalimoto oyenda pa msewu ndi pa njanji pomwe ankafika msanga. Makireni akuluakulu amene akuoneka pa njanji za ku Britain lero ndi a mkono wotuluka m'kati mwa unzake, ambiri a Kirow.

Mukafuna kusonyeza kireni ili pa ntchito, chitani zonse mwadongosolo lake. Masulani tingolo tija mutikankhire kutali, ngolo ya mkono nayonso ichoke. Tulutsani mitanda ya m'mbali, pansi pake muunjike timatabwa topingasa, zimene timitengo ta machesi todulidwa ndi kudetsedwa timakwanira. Dzutsani chumuni. Muike munthu mmodzi poonekera, dzanja lili m'mwamba, chifukwa pa ntchito yotere woyendetsa amamvera munthu mmodzi yekha. Ndipo ngozi ikhale yaing'ono, ngolo ya malasha imene mawilo awiri aphonya pa mphambano. Imeneyo ndiyo inali ntchito yeniyeni ya masiku ambiri, ndiponso kwa ine sibwino kusandutsa chokongoletsa ngozi yonga imene munafa anthu.

Tsono kusankha. Ngati m'nyumba muli ana amene akufuna kupukusa ndi kukweza, gulani Hornby yakale ya matani 75, kapena Dublo ngati mwaipeza yathunthu. Ngati muli ndi shedi yaikulu ya pakati pa 1940 ndi 1970 ndipo thumba likulola, Bachmann ilibe mnzake. Kwa ambiri a ife amene malo ndi ochepa, ine ndingatenge Oxford Rail, ndalama zotsalazo n'kugulira mabogi awiri akale oti ndiwasandutse a zida ndi a antchito. Amene muli ku Britain, pitani ku ziwonetsero za tisitima ndi misika ya zakale komwe mungaigwire ndi manja musanalipire, ndipo mukapeza mpata kaoneni yeniyeni pa njanji zosungira zakale. Bungwe la Breakdown Crane Association limasunga mbiri ya makireni amene atsala. Amene mukuitanitsa pa intaneti muli ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg, muwerengeretu ndalama zotumizira ndi msonkho wa pachipata, ndipo mupemphe wogulitsa zithunzi zoonetsa ngowe, zingwe, tingolo tonse tiwiri ndi ngolo ya mkono. Mumuuzenso kuti amange mkono paokha ndi kuukulunga bwino, chifukwa ndiwo umathyoka m'njira, ndipo wina woulowa m'malo ndi wovuta kuupeza.